Mpando Wofupika wa a Lumo

Kuseri kwa msika, pakati pa sitolo ya zitsulo ndi kachipinda ka wosoka nsapato, pali chipinda chometera tsitsi cha bambo amene aliyense amawatcha a Lumo. Dzinali analipata ali mnyamata, ndipo linakula nawo mpaka dzina lawo lenileni linatsala la pachiphaso pokha. M'chipindamo muli galasi lalikulu long'aluka pakona, benchi ya odikira, shelefu ya zipeso ndi masizasi, ndiponso mpando wamatabwa umene nkhani ino yagonapo.

A Lumo ankadziwika ndi zinthu ziwiri: pakamwa posatopa, ndi lamulo limodzi losasintha. Munthu akangokhala pampando, ankamugwira pachipumi ndi pankhongo n'kumuuza kuti, “Mutuwu tsopano ndi wanga. Musandithandize.” Ankaphunzitsa onse okhala pabenchi kuti mdani wamkulu wa wometa si lumo lobuntha ayi, koma kasitomala waulemu, uja amatembenuza mutu yekha pofuna kuchepetsa ntchito, n'kutuluka khutu likuchucha magazi.

Ukalamba pofika kwa a Lumo unalowera paphewa lamanja. Poyamba linkangowawa m'mawa povala malaya. Kenako mkono unayamba kukana kukwera: ukafika molingana ndi phewa unkaima nji, ngati wina waukoka ndi chingwe kumbuyo. Munthu wina akanapita kuchipatala. A Lumo anapita kwa kalipentala kukabwereka sowo. Maganizo awo anali akuti, ngati mkono sungakwere kukapeza mutu, mutuwo utsike udzapeze mkono. Anadulako pang'ono miyendo ya mpando, tizidutswato n'kutisunga m'dirowa. Phewa litaumiranso, anadulanso. Anapitiriza chotero mpaka abambo aulemu wawo ankametedwa mawondo ali pafupi ndi chibwano, ngati ana a sukulu ya mkaka.

Makasitomala anayamba kuzemba mmodzimmodzi. Anatsala ana, nkhalamba zofupika kale, ndi a Mlongoti, dalaivala wa lole amene ankachita kuwerama polowa pakhomo lililonse, ndipo chibadwire sanametedwepo ndi dzanja lina. Tsiku lina a Mlongotiwo anadzuka pampando atametedwa bwinobwino m'mbali ndi kumbuyo, koma pamwamba patatsala chitsamba chonga chisa cha mbalame.

“Achimwene,” anatero akudziyang'ana pagalasi, “kodi apa mwasiyira mbewu?”

“Ndiwo mametedwe amakono. Inu mumakhalira pamsewu, simudziwa.”

“Ulendo wamawa ndidzabwere ndi mphasa, muzidzandimeta nditagona?”

Wosoka nsapato anamva zonsezi kudzera pakhoma, ndipo dzuwa lisanapendeke nkhani inali itafika kwa akazi a a Lumo. Mayiwo sanachulutse gaga m'diwa. Mwana wawo wamwamuna, wokonza mafoni, anali atayamba kale kuchiyang'ana chipinda chometeracho ndi diso la njala.

“Bambo, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko,” anatero mayiwo. “Mupite kwa mwana wa achemwali anu akakuoneni phewalo. Apo ayi, makiyi mumupatse mwana wanuyu aikemo mafoni ake. Miyendo ya mpando yatha. Chotsatira mudzayamba kudula makasitomala.”

Mwana wa mlongo wawoyo anaphunzira ntchito yochiza minofu ndi mfundo za thupi pogwiritsa ntchito manja, ndipo ankagwira pachipatala china chaching'ono. Kwa odwala anali mayi wolemekezeka, wapabanja pake. Kwa a Lumo anali akadali Gwedegwede, dzina limene anamupatsa ali kamtsikana chifukwa mutu wake sunkakhazikika pometedwa. Kupita kukavula malaya pamaso pa Gwedegwede kunawalemera, koma kupereka makiyi kunawalemera koposa.

Choncho anapita. M'chipinda cha Gwedegwede munali bedi lopapatiza loyalidwa nsalu yoyera, botolo la mafuta, mathaulo, ndipo pakhoma panali chithunzi cha munthu wopanda khungu, minofu yonse ili poyera.

“Awa anawameta ndani?” anafunsa a Lumo. “Anapitirira muyeso.”

“Khalani apa, amalume. Munagwapo? Zala zimachita dzanzi?”

Atawafunsa mokwanira, Gwedegwede anapaka mafuta m'manja n'kuyamba kuyendetsa chala chachikulu kuchokera m'khosi, kutsika paphewa, mpaka kuseri kwa fupa lakumsana. Pena ankaima n'kukanikiza, ndipo a Lumo ankaona nyenyezi masanasana, koma ankangoti, “Palibe kanthu.” Anawafotokozera kuti zaka zonse zimene mkono unakhalira m'mwamba utagwira sizasi, minofu inakungika n'kuuma ngati chingwe chokhalitsa padzuwa, ndipo kuleka kuukweza kunangowonjezera vutolo.

“Mpando munadula uja ndiwo unaphunzitsa phewali ulesi,” anatero. “Koma limasuka. Chofunika n'chakuti minofuyi ikhale yofewa pamene ndikuitikita ndi kuiwongola. Gonani chagada, mundipatse mkonowu. Muulekerere, ulemere m'manja mwanga.”

A Lumo anaukweza okha mwaulemu n'kuuika m'manja mwake.

“Ndakupatsa.”

“Simunandipatse. Mwaunyamula nokha.”

“Iwe mwana, mkono ndi wanga, ndikudziwa kuti ndaupereka.”

Gwedegwede anachotsa manja ake mwakachetechete. Mkono unatsala uli chiimire m'malere, ngati wa wapolisi woimitsa galimoto. Onse awiri anauyang'ana.

“Sindifuna kukulemetsa,” anatero a Lumo potsiriza. “Ndiwe mwana wa mlongo wanga, si iwe wonyamula katundu.”

Apa ndiye panagona vuto. Gwedegwede akati akweze mkono, a Lumo ankamutsogolera. Akati autembenuze, ankautembenuza iye asanayambe. Akawauza kuti apume mpweya wautali, ankapuma ngati msilikali paperete, mapewa ali m'makutu. Mnofu wolimbitsidwa sulola chala kulowa, choncho anabwerera kunyumba phewa likuwawa koma mkono osakwera ngakhale pang'ono. Ulendo wotsatira zinali chimodzimodzi. Pobwerako anapeza mwana wawo ali m'chipinda chometera, akuyeza khoma ndi tepi, akuti akungoona chabe. Tsiku limenelo a Lumo anasesa pansi kawirikawiri, ngakhale panalibe tsitsi loti asese.

Atapitanso, anagona pabedi lija, mkono uli gwa ngati mpini wa khasu. Gwedegwede anali ataona kale kuti amalume ake akamalankhula za ntchito yawo mapewa amatsika okha. Anagwira mkonowo pachigongono n'kuyamba ngati nkhani wamba.

“Amalume, bambo a kunyumba kwanga agula makina ometera. Akuti kumeta si ntchito yofuna luso, munthu angathe kudzimeta yekha pagalasi.”

“Akuti chiyani?”

“Akuti wometa amangodya za ulesi wa anthu.”

A Lumo anafufuma ngati finye. Anayamba ndi funso lakuti kodi mkamwiniyo ali ndi maso kunkhongo. Analongosola za kayendedwe ka tsitsi pa liwombo, kamene kamazungulira mosiyana pamutu uliwonse. Anatchula mitu ya mabampu, mitu ya zipsera, mitu yosongoka imene imafuna kusiyiridwa m'mbali kuti mwini wake aoneke ngati munthu. Ali mkati mwa ulaliki umenewu, mkono unaiwalika ndi mwini wake, n'kugwera m'manja mwa Gwedegwede, wolemera ngati mwana wogona. Iye sanataye nthawi. Chala chake chinalowa pansi pa mnofu wouma uja, chikutsatira utali wake mwapang'onopang'ono, uku dzanja linalo likuzunguza mkono ndi kuukweza.

“Ndiye ukamuuze mwamuna wakoyo kuti...” A Lumo anaima pakati pa mawu. Chigongono chawo chinali chitapitirira phewa, malo amene chinali chisanafikeko chiyambire kudula mpando. Pozindikira zimenezi analimbitsanso thupi, ndipo ululu unabwerera nthawi yomweyo.

Gwedegwede anaika dzanja limodzi paphewa pawo, linalo pachigongono, n'kuwayang'ana m'maso.

“Mkonowu tsopano ndi wanga, amalume. Musandithandize.”

A Lumo anazindikira kuti linali lamulo lawo lomwe lija. Anayang'ana kudenga, n'kuona kuti kasitomala waulemu uja ankamunyoza pabenchi zaka zonsezi anali atagona pabedi lomwelo, atavula malaya. Anatulutsa mpweya, n'kuulekerera mkono. Ali panjira yobwerera kwawo ndi pamene anakumbukira kuti mkamwini wa makina uja ali ndi dazi loti mbee, lochokera pachipumi mpaka kunkhongo, ndipo anakwatira ali nalo kale.

Phewa silinachire tsiku limodzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Anapitabe kukatikitidwa, ndipo kunyumba ankachita zimene anawalamula: kuima moyang'ana khoma n'kumakwawitsa zala kupita m'mwamba ngati buluzi. Akazi awo ankati sanaganizepo kuti adzakalamba ndi mwamuna wosisita nyumba.

Mkono utayamba kufika pashelefu yapamwamba, a Lumo anatulutsa tizidutswa tija m'dirowa n'kupita nato kwa kalipentala kuti akatilumikize. Kalipentala anatiyala patebulo, anatiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti iye amakonza mipando, saukitsa akufa. M'malo mwake anakhoma kansanja kamatabwa, mpando n'kuukhazika pamwamba pake.

Woyamba kukwerapo anali a Mlongoti. Mwana wokonza mafoni uja anaima pakhomo, tepi yake ili m'thumba, ndipo wosoka nsapato anasiya ntchito kudzasuzumira. A Lumo anameta m'mbali, anameta kumbuyo, kenako anakweza mkono, sizasi n'kutera pachisa chija. Tsitsi linagwa pansi mpaka pamwamba ponse panasalala.

“Mametedwe amakono aja atha?” anafunsa a Mlongoti, akutembenuza mutu kuti aone bwino pagalasi.

A Lumo anawagwira pachipumi ndi pankhongo n'kuwabweza pomwe anali. Lamulo lija analinena monga mwa masiku onse, koma motsitsa mawu, ngati munthu amene akudziwa kulemera kwake. Atatero anatembenukira kwa mwana wawo.

“Iwe, tepi yakoyo ukayezere kwina. Koma usanapite, khala pabenchipo. Mutu wakowo ukundichititsa manyazi.”