Khosi la Achipeso

Mumsewu wonse ankangowatchula kuti Achipeso, chifukwa chipeso chofiira sichinkachoka m'mutu mwawo, ngakhale popita kukagula sopo. Analuka tsitsi zaka makumi awiri ndi zitatu m'kachipinda kopanikizika pakati pa shopu ya nsapato ndi ya mafoni. Kasitomala ankakhala pakampando kakafupi, iwo ataima kumbuyo, mutu uli zyoli tsiku lonse. Ana awo atatu anakulira pa zala zimenezo.

Ululu unayambira pamene khosi limakumana ndi mapewa. Anati ndi pilo, n'kusintha pilo. Kenako unatsikira m'mkono wamanja ngati waya wotentha. Tsiku lina akuluka mtsikana wina, tsitsi linawapulumuka katatu. Chala cholozera ndi chapakati zinali zitachita dzanzi.

"Amayi, mukulira?" anafunsa mtsikanayo akuwayang'ana pagalasi.

"Ayi mwanawe, mafutawa andilowa m'maso."

Kuchipatala anawajambula khosi. Dokotala anawaonetsa kuti pakati pa mafupa a khosi pali timakhushoni tofewa, ndipo kamodzi, kam'munsi kwenikweni, kanatuluka m'malo mwake n'kumatsina mtsempha wopita kumkono. Anati za opaleshoni zidikire kaye. Mapiritsi amene anawapatsa ankachepetsa ululu, koma ankawasinzitsa ataimirira.

Mlamu wawo, mchemwali wa amuna awo, ndiye anawauza za wowongola misana, munthu wophunzira kuchiza msana ndi khosi ndi manja okha.

"Alamu, ndimamva kuti amakupotola khosi ngati nkhuku," anatero Achipeso.

"Ine ndapitako kasanu. Mukundiona ndili mumphika?"

Wowongola misanayo anali bambo wamfupi, wa manja ozizira. Anayang'anitsitsa chithunzi cha kuchipatala chija, anawagogoda pachigongono ndi kanyundo ka labala, n'kuwauza kuti amukankhe dzanja ndi mphamvu zawo zonse.

"Khosi lanuli sitilipotola, mayi. Silifuna phuma."

Anawagoneka chagada pakabedi kopapatiza, n'kulowetsa zikhatho kunsi kwa mutu wawo. Achipeso anauma gwa ngati thabwa.

"Ndisiyireni mutuwu, sugwa."

"Mawu amenewo ndi anga," anatero Achipeso. "Ndimauza makasitomala tsiku lililonse."

"Amamvera?"

"Angamvere?"

Anaseka onse awiri, ndipo mapewa aja anamasuka. Bamboyo anakoka mutu pang'onopang'ono, n'kusiya, n'kukokanso. Ulendo woyamba Achipeso sanamve kusintha. Wachiwiri anabwerako akudandaula kuti khosi lalemera. Wachinayi, ali m'basi pobwerera, anadabwa kuona kuti agwira chitsulo ndi dzanja lamanja osadziwa.

Bamboyo sanawanamize. Anawauza kuti miyendo ikayamba kufooka, kapena dzanja likayamba kugwetsa makapu, asabwere kwa iye, athamangire kuchipatala tsiku lomwelo. Anawaphunzitsanso kubweza chibwano m'mbuyo kakhumi, m'mawa ndi masana. Amuna awo atawaona anafunsa ngati anakwatira nkhunda.

"Ntchito ndisiye?" Achipeso anafunsa bamboyo tsiku lina. Funso limeneli analisunga milungu itatu, kuopa yankho lake.

"Ayi. Koma amene aziwerama si inu. Kwezani kasitomala."

Amuna awo anakhoma mpando wamiyendo italiitali, wopendekeka pang'ono chifukwa ukalipentala anangouonera. Makasitomala ankakwera monyinyirika, miyendo ili lendelende, wogulitsa nsapato uja akusuzumira pakhomo n'kufunsa ngati abweretse makwerero.

Patatha miyezi itatu moto wam'mkono uja unazima. Nsonga ya chala chapakati yokha sinabwerere, mpaka lero imamva ngati yavala nsalu. Maluko ang'onoang'ono otha tsiku lathunthu anawakanika, ndipo ndi amene anawatchukitsa.

Tsidya lina la msewu kunali woluka wina, amene sanalankhulane naye zaka zisanu ndi chimodzi, chikanganirane za kasitomala. Loweruka lina kunabwera mayi wofuna maluko ang'onoang'ono aja. Achipeso anagwiragwira tsitsi lake kanthawi, kenako anavula epuloni.

"Tiyeni ndikuperekezeni."

Anawoloka naye msewu mpaka pakhomo pa woluka uja, amene anangoima kukamwa kuli yasa.

"Achemwali, mayiwa ndi anga," anatero Achipeso. "Khungu lawo ndi lofewa, musakoke kwambiri pachipumi."

Woluka uja anapukuta manja, n'kutulutsa mipando iwiri.