Mafuta a Nsatsi M'pisitola ya Abambo

Ndikukumbukira zitini ziwiri zimene zinkakhala pamwamba pa kabati m'nyumba mwathu ku Cuamba, kuseri kwa njanji, kumene makapu ankagundana okha komboyu, sitima ya pamtunda, ikamadutsa. Zinali zitini zakale za mkaka waufa, zolemba zake zitafufutika. M'chitini chachikulu munali makoko a zipolopolo zimene zinalira bwino. M'chaching'ono munali makoko amene pisitola ya abambo inatsamwa nawo. Chachikulucho ndinkachinyamula ndi manja awiri, koma chaching'ono chinali ndi makoko anayi okha pa zaka zisanu ndi chimodzi.

Abambo anali mlonda pa kampani ina yogula thonje. Nyengo yogula ikafika ankakwera kumbuyo kwa galimoto yopita kumidzi ya ku Etatara, pisitola ili m'chiuno, n'kubwerako nsidze zitafiira ndi fumbi. Mfutiyo inali ya kampani, yotchipa, ndipo alonda anzawo ankaiseka kuti tsiku la akuba ndi bwino kungomugenda nayo munthu. Abambo sankaseka nawo. Mwezi uliwonse shefi, bwana wa alonda, ankawapatsa zipolopolo zochepa zokayesera pachulu china kutchire. Anzawo ankasiya makoko pansi, koma iwo ankatola awo onse, kubwera nawo m'thumba la malaya, n'kuwaponya m'chitini limodzilimodzi. Ankati akufuna aidziwe mfutiyo isanawachititse manyazi pamsewu.

Chimene ankadandaula nacho chinali chimodzi: gatilyu, kachitsulo kaja kokoka ndi chala kuti mfuti ilire. Kanali kouma kwabasi. Chala chawo cha mkombaphala nachonso chinali chokwinimbira chichokereni ku ntchito ya njanji, kumene chinapanidwa ndi zitsulo za ngolo. Ndiye akamakoka, dzanja lonse linkatsatira, chipolopolo n'kupita cha kumanzere. Kampani inaletsa kupala kapena kusintha kalikonse m'kati mwa mfuti. Abambo ankangofinya mpira wa chubu popita kuntchito, pobwera, ngakhale m'tchalitchi, kuti chala chilimbe. Sabata ina kudandaula kunanyanya, chifukwa Loweruka kunali mayeso a pachaka pamaso pa shefi, ndipo wolephera ankalandidwa mfuti n'kuikidwa pageti ndi chibonga.

Tsono ine ndinali mwana wa manja oyabwa. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo sindinkatha kuona chinthu chikulira kapena kukanirira osachilowerera. Mankhwala anga a matenda onse anali mafuta a nsatsi a amayi. Amayi ankawenga okha: kukazinga nsatsi, kusinja, kuwiritsa, n'kuwengula mafutawo ndi supuni m'kabotolo kabulauni. Ankadzola m'mutu ndi m'zidendene, ndipo fungo lake lolemera lija ndilo linali fungo la amayi. Ndi mafuta amenewo ndinatontholetsa chitseko cha kukhitchini, ndinafewetsa tcheni cha njinga ya aneba, ndipo palibe anandikalipira. Ndinayamba kudziona ngati makaniko.

Lachinayi masana abambo anali pa tchuthi ndipo anapita kukameta. Amayi anali kuchigayo ndi mwana kumbuyo. Kiyi wa bokosi la pansi pa bedi ndinkadziwa kuti amakhala pamsomali kuseri kwa kalendala. Ndinakoka bokosilo, ndinafunyulula nsalu yobiriwira, ndipo chinthucho chinandidabwitsa ndi kulemera komanso kuzizira kwake. Ndinakhala pansi, kuchipana ndi maondo, n'kuthira mafuta pa gatilyu ndi m'bowo lililonse limene ndinaliona, mpaka kabotolo kanafika pakati. Kenako ndinayesa kukoka ndi zala zonse ziwiri zamanthu, kuti ndione ngati mankhwala agwira. Kachitsuloko sikanasunthe n'pang'ono pomwe. Ndinati mwina mafuta alowerera mawa. Ndinapukuta kunja konse ndi diresi langa, ndinabwezera zonse m'malo mwake, ndipo diresilo ndinaliponya m'beseni la zochapa.

Lachisanu pisitola inapita ku Etatara ndipo inamwa fumbi la tsiku lonse. Loweruka abambo anabwera masana, osati madzulo monga mwa masiku onse, ndipo sanalowere kukabati. Anakhala pakhonde nsapato zili kuphazi. Kumayeso kuja chipolopolo choyamba chinalira, chachiwiri mfuti inatsamwa. Anakonza, inatsamwanso. M'kati monse munali phala lakuda la mafuta ndi fumbi. Ndipo chitsulo chitatentha chinatulutsa fungo limene aliyense wa pamenepo analidziwa. Mlonda wina anafuula kuti mfuti ya a Bonifasiyo, kunena abambo, ikununkha m'mutu mwa mkazi, anthu n'kufa nako kuseka. Shefi anawapatsa sabata imodzi kuti adzayesenso.

Tsoka lake, sabata imeneyo tinali ndi azakhali a Delifina, mlongo wawo wa abambo, amene ankabwera ndi madengu a nsomba zouma kuchokera ku Mandimba. Azakhali anali munthu woti nkhani ikakhala yaing'ono amaithirira mpaka ibereke. Ananunkhiza nsalu yobiriwira ija, n'kuyang'ana amayi.

"Achimwene, kwathu ngakhale mwana amadziwa kuti mfuti ikakhudzidwa ndi mkazi imazizira," anatero. "Nanga mkazi wothira mafuta a m'mutu mwake m'mfuti ya mwamuna wake, akufuna chiyani? Akufuna mukakumane ndi akuba mfuti ili chigonere. Alipo amene akudikira mpando wanuwu."

Abambo anafunsa amayi kamodzi kokha. Amayi anayankha kuti sanaigwire. Anayang'ana kuchingwe cha zovala, kenako anayang'ana pansi. Abambo sanamenye munthu, sanakuwe. Anangosiya kudya chakudya chophika amayi, ndipo kwa ife zimenezo zinaposa kumenya. Azakhali anatenga mthiko. Pofika Lamulungu nkhani inali itagamulidwa: amayi apite kwawo ku Mitande Lolemba m'mawa, akadikire ankhoswe.

Lamulungu limenelo sindinakhale pansi. M'tchalitchi ndinkaimirira anthu akugwada. Nditabwerako ndinapita kumjigo wopanda ndowa, ndinabwerera, ndinapitanso. Ndinayenda pamwamba pa njanji mpaka mapazi anapsa, n'kubwerera chothamanga poganiza kuti amayi anyamuka kale. Kabotolo kaja ndinakabisa m'denga la khitchini, kenako m'khola la abakha, kenako ndinakabwezera pawindo poopa kuti kakasowa andiganizira. Manja ndinawakwecha ndi mchenga katatu, koma mphuno yanga inkamvabe nsatsi. Kawiri konse ndinafika pamaso pa abambo pakamwa patatseguka, n'kuona lamba wawo wachikopa uja ndi nkhope imene sindinaionepo, ndipo ndinangofunsa ngati akufuna madzi. Ndinali ndi mantha, ndipo ndinali ndi manyazi kuti mantha anga akuposa chikondi changa pa amayi.

Lolemba m'mawa amayi anamanga zovala m'kapulana, chitenje chawo chija, anabereka mwana, ine n'kusenza beseni kuwaperekeza kokwerera shapa, minibasi ya kwathuko. Dzuwa linali litayamba kale kuluma. Kondakitala ankamenya chitseko cha galimoto uku akukuwa, "Mitande, Mandimba! Malo awiri!" Amayi anakhala pafupi ndi windo. Anatulutsa dzanja, anandikonza kolala, n'kunena kuti ndizikumbukira kutsekera abakha. Dzanja lawolo linanunkha nsatsi. Beseni ndinalisiya pomwepo m'fumbi, n'kuliyatsa liwiro kubwerera kunyumba.

Abambo ndinawapeza pakhonde, zitini zonse ziwiri zili patsogolo pawo, makoko awiri atsopano ali m'manja.

"Ababa, ndine," ndinatero ndikupuma mwabefu. "Mafuta aja ndinathira ndine. Ndimafuna gatilyu afewe."

Ndinatsinzina kudikira lamba. Lamba sanabwere. Anandifunsa motsitsa mawu kuti linali tsiku liti, ndinati Lachinayi. Anandiuza ndiwaonetse m'mene ndinaigwirira. Ndinatola chitsononkho, ndinakhala pansi, ndinachipana ndi maondo, nsonga yake italoza pamimba panga.

"Unakoka?"

"Ndinayesa, ababa. Ndi zala ziwiri. Kanakana."

Makoko aja anagwa m'manja mwawo n'kugubudukira pabwalo. Abambo anatsetsereka pampando mpaka kukhala pansi pa dothi, miyendo tambalale. Anayankhula osandiyang'ana. Anati Lachitatu anabwera atatopa, ndipo Lachisanu m'mawa potsegula bokosi anapeza chipolopolo chimodzi chikadali m'kati mwa mfuti, anaiwala kuchichotsa. Sanauze munthu. Ine pamenepo sindinamvetse bwino, ndinangoona kuti milomo yawo yatuwa. Azakhali anatuluka m'khitchini ndi mthiko, n'kuima pakhomo.

Kenako abambo anadzuka n'kuthamanga. Bambo wamkulu, mlonda wa kampani, wopanda nsapato, kudumpha njanji anthu akuona. Chimene chinapulumutsa banja lathu ndi chakuti shapa sinyamuka isanadzaze. Malo awiri aja anali akadali awiri. Ine nditafika ndinapeza abambo atagwira windo ndi manja onse awiri, akulankhula motsitsa, amayi akuyang'ana kutsogolo. Amayi anawasiya alankhule mpaka kondakitala anayamba kudandaula, kenako anatsika n'kuwapatsa mtolo uja kuti asenze okha mpaka kunyumba.

Masana amenewo abambo anatsuka pisitola ndi palafini, chitseko atatseka. Kiyi anachoka kuseri kwa kalendala n'kukakhala pachingwe m'khosi mwawo. Mayeso aja anakhoza, ngakhale zipolopolo zinapitabe cha kumanzere. Chaka chotsatira kampani inabweretsa mmisiri wake wofewetsa magatilyu, alonda onse n'kufola mosangalala. Abambo okha anakana. Anati wawo akhale wouma choncho, ndipo anapitiriza kufinya mpira wa chubu mpaka anapuma pantchito.

Lero zinthu zinasintha. Alimi ambiri amalandirira ndalama pa foni, ndipo alonda amene ndimawaona m'tauni amanyamula wailesi ndi ndodo. Ana anga amadzola mafuta ogula onunkhira maluwa, nsatsi amangoziona m'mbali mwa msewu. Abambo anatisiya, koma chitini chaching'ono chili kwa ine, ndi makoko ake asanu ndi limodzi. Chaka chatha amayi anachiona pa shelefu yanga, anachigwedeza pafupi ndi khutu, n'kuseka. Ndinawafunsa ngati tsiku lija anandikayikirapo ngakhale pang'ono.

"Kukayikira?" anatero. "Diresi lako lija ndinachapa ndine, Lachinayi lomwelo."

Ndinawafunsa chifukwa chimene sananenere, mpaka kulola kukwera shapa ndi dzina loipa chotero. Anabwezera chitini pamalo pake bwinobwino.

"Ine ndinali ndi ku Mitande kothawira," anatero amayi. "Iwe kwanu kunali komweko."