Ndinafufuta dzina la kompyuta ya anyaGondwe

Inu owerenga, ndinalakwira mayi amene ananditenga ngati mwana wawo, ndipo mpata wowapepesa ndinautaya ndekha.

Ndinafika ku Mzuzu kuchokera kwathu ku Dedza nditangomaliza maphunziro a zamakompyuta, n'kuyamba ntchito pakoleji ina yaing'ono. Ndinkachita lendi ku Chibanja. Masiku amenewo ndimawasowa. M'mawa ndinkayenda wapansi m'kamvula kowaza, ndipo ndikafika ndinkapeza anyaGondwe, mayi amene ankalowetsa malikisi a ophunzira mukompyuta, atathira kale tiyi m'makapu awiri. Ankandipatsa moni wa Chitumbuka, "Mwawuka uli?" kenako n'kumaseka mayankhidwe anga mpaka misozi. Nditadwala malungo, anachoka kwawo ku Mchengautuwa ndi phala m'kabakuli kudzandiona.

M'chaka changa chachitatu koleji inagula seva yatsopano, kompyuta yaikulu yosunga mafayilo a maofesi onse. Munthu akatsegula fayilo, seva imalemba dzina la kompyuta yake n'kuikapo loko kuti wina asalembemo nthawi yomweyo. Kompyutayo ikazima mwadzidzidzi, dzina ndi loko zimatsalira, ndipo pamafunika munthu wozichotsa.

Ntchito yoyesa sevayo inali yanga, ndipo ndinkaikonda kwambiri. Ndinalumikiza makompyuta akale asanu ndi imodzi, n'kumatsegula mafayilo, kusolola mawaya, kuzimitsa dala, kuti ndione ngati seva ipirira. Apo n'kuti maofesi ena atayamba kale kuigwiritsa ntchito.

Lachisanu lina masana ndinamaliza kuyesa, ndipo ndinayamba kuchotsa zotsalira. Pamndandanda panali mayina asanu ndi awiri. Ndinaona ndithu kuti limodzi lawonjezekera, koma anzanga ankandidikira kubwalo la mpira. Ndinafufuta onse.

Dzina lowonjezekeralo linali la kompyuta ya anyaGondwe. M'mawa wa tsikulo anaitanidwa kumaliro a mlongo wawo ku Rumphi, ndipo anathamanga, fayilo ya malikisi ili chitsegulire. Loko itachoka, kalaliki wina anatsegula fayiloyo Lolemba n'kulowetsa malikisi a kalasi yomaliza. Mayi aja atabwerera anangosunga fayilo yawo monga anaisiyira, ndipo zonse zimene mnzawo analowetsa zinafufutika.

Zinadziwika mochedwa, mayina a kalasi yonse atasowa pamndandanda wa olandira masatifiketi. Makolo ena anali atasoketsa kale zovala zamwambowo. Pamsonkhano, mkulu wa koleji anandifunsa ngati seva inali ndi vuto. Ndinayankha kuti seva ili bwino. Sindinaname, koma zotsalazo ndinazimeza. Maso onse anatembenukira kwa anyaGondwe.

Malikisi anapezeka pamapepala, ophunzirawo analandira masatifiketi awo patapita miyezi. Koma mayi aja anawachotsa pakompyuta n'kuwapatsa ntchito yosanja makalata. Tsiku lina anandiuza motsitsa mawu kuti, "Mwana wanga, mwina ndakalambadi. Makina awa andipitirira." Ine ndinangoyang'ana pansi. Chaka chisanathe anapuma pantchito, ndipo potsanzikana anandigwira dzanja nthawi yaitali n'kundithokoza kuti, "Yewo chomene, wandithandiza zambiri."

Ndinasamukira ku Lilongwe. Chaka chatha ndinapita ku Mzuzu nditatsimikiza mtima kuti ndikaulule. Pakhomo paja ku Mchengautuwa ndinapeza banja lina. Mayi woyandikana nawo anandizindikira, ndipo anandiuza kuti anyaGondwe anaikidwa kumudzi zaka ziwiri zapitazo.

Inu amene mumagwira ntchito ngati yanga, musamayesere makina pamalo pamene anzanu ayamba kale kusungapo ntchito yawo. Dzina lililonse lotsalira paseva, yambani mwafufuza mwini wake musanalichotse. Ndipo mukalakwitsa, nenani tsiku lomwelo, mkulu wanu akadali kufunsa. Ine ndikanangolandira kalata yochenjeza. AnyaGondwe anapita kumanda akukhulupirira kuti cholakwacho chinali chawo.