Ba Elina ndi khanda limene silinkalira

Sabata yatha tinaika ba Elina Mbewe a mphakati wathu kuno ku Kanyama. Ndinkakhala nawo benchi limodzi, ndipo ndatopa kumva anthu akungoti anali osesa m'tchalitchi. Osesa basi?

Anabadwira ku Matero, kwa bambo ochokera ku Dedza. Mayi awo atamwalira, anakula ali ndi mng'ono wawo kumsana. Ukwati wawo unatha chifukwa sanabereke, koma Misa ya m'mawa sanaileke.

Chaka china kolera inatenga mkazi wa ba Rex, oyandikana nawo nyumba, n'kusiya khanda, Chabwera. Ba Rex ankalawirira kukakankha wilibala kumsika. Khandalo linkatsala pamatiresi, mlongo wawo n'kumabwera kudzalimwetsa n'kupita. Anthu ankayamikira kuti mwana wabwino uyu, salira.

Ba Elina atasuzumira, anachita mantha. Mwana wofika pokhala pansi sankakhala, sankatsata munthu ndi maso, ankangoyang'ana malata.

"Ba Rex, mwana alira akadziwa kuti wina azabwera," anatero. "Uyu analeka kuitana. Nipatseni."

"Adya, agona, mufuna chani futi?" anayankha ba Rex. Anavomera monyinyirika. Azimayi pampopi ankanyogodola kuti wosabereka adziwa chani za mwana. Zinandiwawa, koma eni ake anangomanga mwanayo kumsana ndi chitenje.

Kukiliniki anauzidwa kuti sikelo ikutsika, ndipo asatope kumunyamula ndi kumulankhula. Ankasesa ali naye kumsana, kumuuza dzina la chilichonse, kupemphera kolona ali naye pachifuwa. Iye zii. Anzake anayamba kukwawa, iye zii. Mvula inatha, matope anauma. Kunena zoona, ine ndinataya mtima, ndinkaona kamanda kakang'ono kutsogolo.

Lamlungu lina, nthawi yolandira Ukaristia, anamumasula n'kundipatsa ine. Atangopita pamzere, mwana anatembenuza mutu. Anawafunafuna ndi maso, kamlomo kananjenjemera, kenako analira mpaka kwaya inasokonezeka. Wina kumbuyo anati ndimutulutse. Ba Elina anachoka pamzere osalandira, misozi ili mbwembwembwe.

"Waniitana! Mwamva? Waniitana ine!"

Mwanayo kuyenda anachedwa, kulankhula anachedwa, koma zonse zinabwera. Lero Chabwera ndi kalipentala ku Chawama, bambo wa ana ake.

Ba Elina anakalamba ali pabenchi lomwelo. Amayi achitsikana akamakalipira makanda olira, ankawauza kuti: "Muyankheni, akufunsa ngati mulipo." Anamwalira mwamtendere masana, atalandira mafuta a odwala, dzanja lawo lili m'manja mwa Chabwera.

Kumanda Chabwera analira mokweza, osachita manyazi. Azibambo anamugwira paphewa: "Limba, ndiwe mwamuna."

Apo ndiye ndinapsa mtima.

"Musiyeni!" ndinatero. "Amene tikuikawa anavutika kuti mwana uyu alire."