Nyimbo ya a Jailosi ndi Khosi la a Useni

A Jailosi sankapitiriza nyimbo anthu asanavomere. Akayambitsa mzere woyamba ankatseka pakamwa, n'kupendeketsa mutu, n'kudikira. Kaya ndi pamaliro, kaya paukwati, kaya pansi pa mtengo wa mango kunyumba kwawo ku Rimuka m'tauni ya Kadoma, ankadikira basi. Amene ankavomera zaka zonsezo anali a Useni, mnzawo wa kumgodi, amene ankanena okha kuti tsiku limene Mulungu ankagawa mawu oyimbira iwo anali atapita kukataya madzi.

Awiriwa anabadwira mu komboni imodzi ku Battlefields. Bambo awo a Jailosi anachoka ku Dedza wapansi, bambo awo a Useni kwawo kunali ku Mangochi, koma anawo kumudziko sanapondeko. Analowa mumgodi ndevu zisanamere bwino. Pansipo akuluakulu ankalamula m'Chilapalapa, chinenero chosakaniza cha kumigodi, koma a Jailosi anthu a m'gulu lawo ankawawerenga ndi nyimbo. Miyala ikaphulitsidwa, fumbi lili tolo, munthu osaona ndi dzanja lake lomwe, iwo ankayimba kuti, "Tatsika pansi, abale," ndipo aliyense kumene ali ankavomera, "Tikweranso, tikweranso." Mawu a mmodzi akasowa, ntchito inkaima, anthu n'kuyamba kumufuna. A Useni ankati ubwino wa khosi lawo unali womwewo: mawu a chitseko chadzimbiri sungawasokoneze ndi a munthu wina.

Ntchito ya kumgodi itatha anakagwira ku fakitale ya nsalu ku Chegutu, nayonso inatha. A Jailosi anatsegula malo okonzera njinga ku Kadoma, n'kumamata machubu a alimi a thonje a ku Sanyati. Akazi awo, mayi Aida, anamwalira. Ana anamwazikira ku Joni. A m'gulu la kumgodi anapita mmodzimmodzi, mpaka wovomera anatsala a Useni okha, ndi khosi lomwe lija.

Chaka chatha kunabwera Yamiko, mdzukulu wa a Jailosi, amene anaphunzira zoyimba ku Cape Town. Anati walemba opera. A Useni atafunsa kuti n'chiyani chimenecho, iye anawafotokozera kuti ndi sewero limene anthu salankhula, amangoyimba, ngakhale popempha madzi akumwa. Lakelo linali nkhani ya anthu a kumgodi, theka m'Chishona, theka m'Chichewa. Anaitana oyimba mavayolini a ku Harare, ndi mayi wina dzina lake Shylet amene mawu ake ankanjenjemeretsa magalasi a mawindo, kenaka anawaphatikiza ndi gulu la sungura la Leeroy, loyimba m'mabala a ku Chegutu. Pakati pa zonsezi ankafuna agogo ake ayimbe nyimbo yawo ya pansi.

Tsiku loyamba lokonzekera, m'holo ya tchalitchi ku Chegutu, a Useni anafika atapolisha nsapato. Palibe anawaitana, koma iwo sanaganizepo kuti nyimbo imeneyo ingayimbidwe popanda iwo. A Jailosi atayambitsa, a Useni anavomera ndi mphamvu zawo zonse. Mavayolini anasiya. Leeroy anawerama n'kuyamba kugwiragwira mawaya a sipika, poyesa kuti china chapsa. Yamiko anabwera, anagwada pamaso pa a Useni, ndipo anatolera Chichewa chake chonse, chimene nthawi zambiri ankachimva chabe n'kuyankha m'Chishona.

"Sekuru, agogo, inu mudzakhale mlendo wathu wolemekezeka. Mpando wanu udzakhala wabwino kwambiri."

A Useni anathokoza. Anali atakhala nthawi yaitali padziko, ankadziwa kuti munthu akakugwadira chonchi ndiye kuti wachotsedwa ntchito. Analonjeza kuti pa tsikulo sadzatsegula pakamwa ngakhale kuyasamula, pakuti kunali kubwera anthu a ku Harare odzaona ngati seweroli lingapite ku chikondwerero chachikulu, ndipo mwanayo anali atalivutikira.

Yamiko poyamba anakonza kuti mavayolini ndiwo azivomera. A Jailosi anakana, anati vayolini si munthu, denga la mgodi silingaigwere. Anagwirizana kuti azivomera Shylet pamodzi ndi anyamata a Leeroy. Shylet anaphunzira mawuwo, ndipo a Useni, amene tsopano ankakhala pakhomo kulondera zikwama, anavomereza mumtima kuti nyimbo yawo sinamvekepo bwino chotero. Zinawapweteka pang'ono. Chimene anaona n'chakuti Shylet akamaliza, a Jailosi ankaponya diso kukhomoko, n'kuwaona iwo atakhala, kenaka n'kupitiriza. Sanauze munthu. Ankayesa kuti mnzawo akuwamvera chisoni.

Tsikulo linali Loweruka masana, m'holo ya ku Kadoma. Mawindo onse anawatchinga ndi nsalu zakuda. A Useni anapatsidwadi mpando wabwino, chapakati, pafupi ndi mayi wina wonunkhira mafuta odula. Magitala a sungura anathamanga, mavayolini akuwatsata pambuyo ngati anthu ovala suti othamangira kombi, mpaka anapezana. Anthu anaseka, ena analira. Ndiyeno anazimitsa magetsi, kamakina kena kanatulutsa utsi, ndipo a Jailosi anatulukira atavala chipewa cha kumgodi, nyali imodzi ikuwawalira m'maso.

"Tatsika pansi, abale."

Shylet anavomera, anyamata a Leeroy anavomera, mokoma zedi. Yamiko anakweza kamtengo kake kotsogolera oyimba kuti nyimbo ipitirire. A Jailosi anatseka pakamwa, n'kupendeketsa mutu.

Mavayolini anakoka mawu amodzi mpaka anatopa nawo. Leeroy anabwereza chigawo chake, kenaka naye anasiya. Yamiko ananong'oneza agogo ake, koma iwo sanamuyang'ane. Anatchinga nyali ija ndi dzanja, n'kumasuzumira mu utsi, mzere ndi mzere. Apa mpamene a Useni anamvetsa. Munali mdima, munali utsi, ndipo pa mawu amene a Jailosi ankawadziwa panasowa amodzi. Mnzawoyo sakanasuntha, ngakhale a ku Harare atakwera magalimoto awo n'kumapita.

A Useni anayang'ana msana wa Yamiko, anakumbukira lonjezo lawo, ndipo anaimirira mawondo akulira. Anafuna kuti mwina kamodzi kokha pa moyo wawo mawuwo atuluke osalala. Anatuluka monga mwa masiku onse.

"Tikweranso, tikweranso."

Mwana wina kumbuyo anayamba kulira. Mayi wa mafuta odula anapisa m'chikwama, n'kuwapatsa switi ya chifuwa, ndipo iwo analandira ndi manja awiri. Pambuyo pake mmodzi wa anthu a ku Harare anayamikira Yamiko chifukwa cha nzeru yobisa nkhalamba yosadziwa kuyimba pakati pa oonerera, ndipo Yamiko sanamutsutse. Seweroli linapitadi ku chikondwerero, koma ndi woyimba wina, pakuti mvula isanagwe mwana wamkazi wa a Jailosi anabwera kudzawatenga kuti azikakhala nawo ku Joni, miyendo itayamba kutupa.

Choncho a Useni komaliza kuona mnzawo akudikira kunali masana amenewo, iwo ali chiimire ndi switi m'manja. A Jailosi anatsitsa dzanja, anagwedeza mutu kamodzi cha kumene kunachokera phokosolo, anakoka mpweya, n'kuyamba mzere wachiwiri.