Chiwindi chomwe ndinabweza

Anthu akamva kuti sindidya nyama amafunsa za mpingo, ena za matenda. Palibe m'busa kapena dokotala amene anandiletsa. Ndinasiya ndekha, ku Kaseye, kumpoto, ndipo ndinasiya nditakwiya.

Ine ndi mwamuna wanga anatitumiza kumeneko kukaphunzitsa, kuchokera ku Ntcheu. Tinkachita lendi nyumba yamalata ya bambo ena achikulire, eni ng'ombe za ngolo. Tsiku lobadwa mwana wanga woyamba msewu unali utakumbika, galimoto osafika. Ng'ombe zawozo ndi zomwe zinandikoka m'matope mpaka kuchipatala. Yakuda inagwada pachitunda, n'kudzukanso. Ndinkaimva ikupuma ngati munthu.

Itakalamba inathyoka mwendo, ndipo anaipha. Masana ake akazi awo a bambo aja anandibweretsera mbale yovundikira. Chiwindi. Ati poti ng'ombeyo ndinkaikonda, gawo labwino likhale langa.

Unali ulemu, ndikudziwa. Koma mtima unandiwira. Ndinagwada, ndinathokoza, mbale ndinabweza momwemo.

"Mayi, mwapenga?" anatero mwamuna wanga. "Mukanangolandira n'kupatsa agalu kuseri. Akanadziwa ndani?"

"Ndikanadziwa ine."

Posakhalitsa eni nyumba anabwera okha. Mpando anaukana, n'kundiitana m'chilankhulo chawo kuti asambizgi, kutanthauza aphunzitsi.

"Asambizgi, kuno mbale sibwerera ndi chakudya, yayi. Mwakana ine."

"Adada, inu sindinakukaneni. Koma amene anandinyamula ndili pakati pa moyo ndi imfa sindingamukazinge ndi anyezi."

"Ni nyama waka iyo, nyama chabe! Idyani kachidutswa, nkhani ithe. Apo ayi, mwezi ukatha mupeze nyumba ina."

Mwamuna wanga anandiponda chala. Nyumba zamalata kumeneko n'zosowa, ndipo tinali ndi mwana wamng'ono. Ndinkachita mantha, sindinama. Koma ndinati, "Chabwino, adada, tisamuka." Walira mvula walira matope.

Nditakana ng'ombe ija, mbuzi ndi nkhuku nazo zinasiya kutsika pakhosi. Kusiyana kwake kunali kotani, kupatula kuti izo sindinkazidziwa? Ndinatsala ndi nyemba, chigwada ndi nsinjiro. Anzathu a kusukulu amandiseka kuti ndine mlongo wake wa ng'ombe. Aseke, chibale chimenecho ndachivomera.

Nyumba yomwe tinapeza ndi yaudzu, ndipo imadontha pamwamba pa bedi penipeni. Mwamuna wanga akamatchera mabeseni amangondiyang'ana. Nanenso ndimamuyang'ana, ndipo woyamba kugwetsa maso sakhala ine.