Jakisoni Amene Ndinakana Kubaya

Ndinali nditagwira unamwino zaka zisanu m'wodi ya odwala matenda a maganizo kuno ku London pamene apolisi awiri anabwera ndi mayi ena achikulire m'mawa wina. Anawapeza pamsika wa ku Woolwich atavula nsapato, akugubuduka pansi ndi kukuwa.

Dokotala wa tsikulo, mzungu, anawayang'ana kwa mphindi zochepa n'kulemba mufayilo kuti akulankhula ndi anthu osaoneka. Anandiuza kuti ndikonze jakisoni wowagonetsa. Ndinakonzadi. Koma nditafika pakhomo la chipinda chomwe anaikamo mayiwo ndinamva mawu awo. Chinali Chinyanja cha ku Chipata.

"Mwana wanga iwe, wandisiya ndi ndani? Adzandiika m'manda ndani ine?"

Ndinagwada pambali pawo. "Pepani amayi. Kwagwanji?"

Anandigwira dzanja mwamphamvu. "Ndinu wakwathu inu?" Anandiuza kuti akusankha tomato pamsika, foni inalira. Mwana wawo wamwamuna anali atamwalira pangozi ku Lusaka.

Ndinabwerera kwa dokotala n'kuika jakisoniyo patebulo. "Uyu sindibaya. Mayiwa sakudwala, akulira maliro."

"Munthu wabwinobwino sagubuduka pamsika," anatero.

"Kwathu mayi woferedwa mwana amagubuduka, ndipo anthu amamuzungulira n'kumugwira. Saitana apolisi."

Mtima unali utandiwira, ndipo si chifukwa cha mayiwa okha. Agogo anga aamuna anakhala miyezi yambiri kumalo osungirako amisala m'nthawi ya atsamunda. Mlandu wawo unali kukana kuvulira chipewa bwana wachizungu, n'kumuyankha m'Chingerezi chabwino. Atsamundawo anati munthu wakuda wolankhula chonchi mutu wake wasokonekera. Pophunzira unamwino ndinadzaona ndekha zomwe madokotala akale ankalemba: kuti ife maganizo athu ndi achibwana, sitidziwa chisoni chenicheni, ndiponso kuti kapolo wothawa mbuye wake ndi wodwala mutu. Kale ankati sitimva chisoni, lero tikalira akuti tapenga.

Manejala wa wodi anandiitanira pambali. "Ukakana lamulo la dokotala ndikulembera lipoti."

"Lembani," ndinatero. "Mulembenso kuti palibe amene anafuna womasulira asanaganize zowabaya."

Ine ndinatenga foni ya mayiwo kwa wapolisi n'kuimbira mwana wawo wamkazi ku Thamesmead. Podikira basi yake ndinakhala nawo pansi, pasimenti pomwepo, ndi yunifolomu yanga. Tinaimba nyimbo ya maliro chapansipansi, ndipo anamwa tiyi. Mwanayo atafika anafotokoza zonse m'Chingerezi cha konkuno, dokotala n'kuyamba kugwedeza mutu ngati akumva nkhani yatsopano. Madzulo asanakwane anawatulutsa.

Sabata yotsatira anandiitana kumsonkhano wa akuluakulu. Ankafuna ndipepese chifukwa chotsutsa dokotala pamaso pa anthu. Ndinawauza kuti ndipepesa tsiku lomwe iwo adzapepese kwa mayi aja, ndipo sindituluka m'chipindamo mpaka mawu onena za anthu osaoneka atakonzedwa mufayilo, chifukwa mawu oterowo amamutsata munthu moyo wake wonse. Tinakokana mpaka nthawi ya nkhomaliro. Mapeto ake dokotala anatenga cholembera n'kulemba kuti mayiwo anali pachisoni cha imfa ya mwana wawo. Ndinawerenga kawiri, kenako ndinabwerera kushifiti yanga.